Kuwerenga nyama yosafuna kuonedwa: zimene kamera zotchera zatiphunzitsa za amphaka a m'tchire

Kumayambiriro kwa chaka cha 2005, dziko la India linachita manyazi. Malo osungirako nyama a Sariska, m'chigawo cha Rajasthan, anali otchuka chifukwa cha akambuku, ndipo mabuku a boma ankasonyeza kuti akambukuwo alipo oposa khumi. Ofufuza atalowa m'nkhalangomo kukatsimikiza, sanapeze ngakhale mmodzi. Opha nyama mobisa anali atawamaliza onse, koma papepala ankakhalabe ndi moyo chaka ndi chaka.

Tisanapite patali tigwirizane za mayina, chifukwa mawu akuti kambuku ndi nyalugwe timawasakaniza. Muno ndikati kambuku ndikunena chimphaka chachikulu chamizeremizere cha ku Asia, chimene pa Chingerezi amati tiger. Ndikati nyalugwe ndikunena wamaangamaanga uja.

Chinasokoneza ku Sariska chinali kawerengedwe. Kwa zaka zambiri alonda a nkhalango ku India ankawerenga akambuku poyang'ana mapazi. Akapeza pamene kambuku waponda, ankajambula phazilo papepala kapena kuthirapo pulasitala kuti atenge chidindo chake, kenako n'kumayerekeza zidindozo poganiza kuti kambuku aliyense ali ndi phazi lakelake. Koma phazi limodzimodzilo limaoneka mosiyana pamchenga, pamatope ndi padothi louma. Limasiyananso nyama ikamathamanga ndi pamene ikuyenda mwachifatse. Ndiye ganizirani za mlonda amene bwana wake sakufuna kumva kuti nyama zachepa. Phazi lokayikitsa amaliwerenga ngati la kambuku wina, ndipo chiwerengero sichitsika. Kalembera wa mapazi wa 2001 mpaka 2002 anati India yense ali ndi akambuku 3,642. Atasintha njira n'kuyamba kugwiritsa ntchito kamera mu 2006, anapeza 1,411.

Amphaka a m'tchire alipo mitundu pafupifupi 40 padziko lapansi. Kupatula mkango, pafupifupi onse amayenda okhaokha, ambiri usiku, ndipo moyo wawo wonse wagona pa kusaoneka. Njovu mutha kuziwerenga muli mundege. Mbidzi mutha kuziwerenga muli pagalimoto. Nyalugwe akhoza kukhala zaka khumi m'phiri la pafupi ndi anthu, anthuwo osamuonapo, n'kumangodabwa kuti agalu akutha.

Kabokosi komangirira pamtengo

Ganizo lakuti nyama idzijambule yokha si latsopano. M'zaka za m'ma 1890, George Shiras wa ku America ankatchera chingwe chopyapyala m'nkhalango za ku Michigan. Gwape akachikoka, ufa wowalitsa unkaphulika, kamera n'kujambula. Magazini ya National Geographic inasindikiza zithunzi zake 74 mu July 1906. M'zaka za m'ma 1920, Frederick Champion, Mngelezi woyang'anira nkhalango kumpoto kwa India, anajambula akambuku usiku m'njira yofananayo, pa nthawi imene anzake ankawawombera ndi mfuti.

Kamera yotchera ya masiku ano ndi kabokosi kolowa m'dzanja limodzi. Muli mabatire, kakhadi kosungira zithunzi, magetsi owalitsa usiku, ndi kachipangizo komva kutentha. Anthu ambiri amaganiza kuti kamerayi imaona chilichonse choyenda, koma si choncho kwenikweni. Kachipangizo kaja kamadzuka pamene chinthu chimene kutentha kwake kukusiyana ndi kwa malo ozungulira chadutsa kutsogolo kwake. Usiku wozizira, thupi la nyalugwe limasiyana kwambiri ndi udzu ndi miyala, ndipo kamera siphonya. Masana otentha, pamene thanthwe latentha ngati thupi la nyama, mphaka akhoza kudutsa kamera ili duu. Ndiponso udzu umene waotha dzuwa ukamagwedezeka ndi mphepo umainamiza, n'kujambula zithunzi masauzande zopanda kanthu mpaka batire kutha.

Kutchera kwake kumafuna munthu wodziwa tchire kuposa wodziwa makina. Amphaka akuluakulu amakonda njira yofewa kumapazi: msewu wafumbi, mkwaso wa nyama, khwawa louma, msana wa phiri. Wotchera amafufuza mapazi, ndowe, ndi mtengo umene wakandidwa ndi zikhadabo. Akapeza malo, amamangirira kamera pamtengo, msinkhu wofika m'bondo, mapazi angapo kuchoka pamkwasowo. Amamweta udzu wa patsogolo pake. Kenako amachita chinthu choseketsa kuchiona: amagwada n'kukwawa kudutsa pamkwasopo ngati nyalugwe, kuti aone ngati kamera ikumugwira bwino m'nthiti. Akatero amawoloka njirayo kukamangirira kamera yachiwiri moyang'anana ndi yoyamba, koma mopatukako pang'ono kuti kuwala kwa ina kusathobwe inzake. Chifukwa chake cha kamera ziwiri n'chakuti maanga a kumanzere kwa nyalugwe safanana ndi a kumanja. Mukakhala ndi chithunzi cha kumanzere lero ndi cha kumanja mawa, simungadziwe ngati ndi nyama imodzi kapena ziwiri.

Akamabwerako patapita milungu iwiri kapena itatu, sadziwa chimene akapeze. Fisi amatafuna kamera. Njovu imaizula pamodzi ndi mtengo womwewo. Nyerere zimamanga chisa m'kati, mvula imalowetsa chinyontho pagalasi, moto wolusa umaisungunula. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito imeneyi ndi ya anthu odekha.

Funso lenileni: taphonya angati?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene nyuzipepala zambiri zimadumpha. Kamera zikajambula anyalugwe 14 osiyanasiyana, ndiye kuti m'nkhalangomo muli osachepera 14. Sizikutiuza kuti onse alipo angati. Chithunzi ndi umboni wakuti nyama ilipo, koma si chiwerengero.

Amene anatsegula njira ndi K. Ullas Karanth, katswiri wa ku India amene ankafufuza akambuku ku Nagarahole, m'chigawo cha Karnataka. Mu 1995 anasonyeza kuti popeza mizere ya kambuku aliyense ndi yakeyake, kumujambula kuli ngati kumugwira n'kumuika chizindikiro. Akatswiri a nsomba ndi mbalame anali ndi masamu akalekale owerengera nyama zoikidwa chizindikiro. Karanth anangowabweretsa ku zithunzi, ndipo mu 1998 iye ndi James Nichols wa ku America anaikonza njirayi kukhala imene ofufuza padziko lonse anayamba kuitsatira.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. Mwezi woyamba mwajambula akambuku 10 osiyana. Mwezi wachiwiri mwajambula 8, ndipo mukayerekeza mizere mwapeza kuti 4 mwa iwo ndi omwe aja a mwezi woyamba. Ndiye kuti theka la amene mwawapeza ulendo wachiwiri ndi odziwika kale. Ngati odziwika kale, amene alipo 10, ndi theka la gulu lonse, gululo lili ndi akambuku pafupifupi 20. Inu mwaona nkhope 14 zokha, koma kubwerezabwereza kwa zithunzi kwakuuzani kuti ena 6 akukuzembani. Kukanakhala kuti onse 8 a mwezi wachiwiri ndi omwe aja, mukanadziwa kuti mwatsala pang'ono kuwaona onse. Nzeru yake ndi imeneyo: amene mwamuona kawiri ndi amene amakuuzani za amene simunamuonepo.

Masamu enieni ndi ovutirapo, chifukwa amphaka sajambulika mofanana. Mwamuna amayenda mtunda wautali ndipo amakonda misewu, choncho amadutsa pa kamera zambiri. Wamkazi amene ali ndi ana amabisala. Ena amaphunzira kuopa kuwala: ku Bardia, m'dziko la Nepal, ofufuza anaona kuti akambuku ankayamba kulambalala kamera akawalitsidwa kangapo. Komanso kafukufukuyo sayenera kupitirira miyezi iwiri kapena itatu, apo ayi ena amafa, ena amabadwa, ena amasamuka, ndipo mumapezeka mukuwerenga gulu limene lasintha muli m'kati mowerenga.

Panatsala vuto lina lalikulu. Mwapeza akambuku 20, chabwino, koma 20 pa malo aakulu bwanji? Kamera zanu zili pakati pa nkhalango, ndipo mphaka amene mwamujambula pa kamera ya m'mphepete mwina kwawo kwenikweni ndi kutali, anangodutsa. Poyamba ofufuza ankangowonjezera kamzere kongoyerekeza kuzungulira kamera zonse n'kunena kuti malo ake ndi amenewo. Kamzereko kakachepa, nyama zimaoneka zothithikana kuposa mmene zilili. Ku Pantanal, m'dziko la Brazil, kafukufuku wa 2006 anayesa zimenezi pa jaguar, chimphaka cha ku America chofanana ndi nyalugwe koma chojintcha. Njira yachizolowezi inapereka oposa 10 pa masikweya kilomita 100 alionse. Atagwiritsa ntchito makolala a GPS kuona mtunda weniweni umene nyamazo zimayenda, chiwerengero chinatsika kufika pakati pa 6 ndi 7. Kuyambira mu 2004, Murray Efford wa ku New Zealand ndi anzake anakonza masamu amene amaganizira malo enieni pamene nyama iliyonse yajambulidwa, n'kuyerekeza pakati pa dera lake. Lero ndiyo njira yodalirika, ndipo malo angapo atawerengedwanso ndi njirayi manambala akale anapezeka kuti anali okwera.

Malire a mayiko nawonso amanamiza. Nyalugwe wa ku Amur, amene amakhala m'nkhalango zozizira za kum'mawa kwa Russia ndi kumpoto chakum'mawa kwa China, ali m'gulu la amphaka osowa kwambiri padziko. Ofufuza a mayiko awiriwa ataphatikiza zithunzi zawo za 2014 ndi 2015 anayerekeza kuti alipo pafupifupi 84, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atajambulidwa mbali zonse ziwiri za malire. Dziko lililonse likanawerenga palokha kenako n'kuphatikiza, anyalugwe amenewo akanawerengedwa kawiri.

Diso la munthu limalakwa

Zonsezi zikudalira chinthu chimodzi: kuti amene wakhala pa kompyuta azindikire nyama molondola. Amatsegula zithunzi ziwiri moyandikana, n'kusankha malo amodzi pathupi, mwina paphewa kapena pantchafu, n'kuyamba kutsata maanga: awa atatu apanga ngati mafuwa, ili lang'ambika pakati, ili lili ndi kadontho m'kati. Kwa kambuku ndi nyalugwe wamba, chithunzi chikakhala chabwino, n'zotheka ndithu. Kwa nyalugwe wa m'mapiri a chipale chofewa a pakati pa Asia, ndi nkhani ina. Ubweya wake ndi wautali, ndipo maanga amasintha maonekedwe mphepo ikauluza ubweyawo kapena nyama ikapinda thupi.

Mu 2020, Örjan Johansson ndi anzake anachita mayeso amene ine ndimawaona ngati ofunika kuposa kafukufuku wambiri wolengeza manambala osangalatsa. Anajambula anyalugwe a m'chipale 16 osungidwa m'malo oonetsera nyama, amene aliyense ankadziwika bwino, n'kupereka zithunzizo kwa anthu kuti azisanje. Anthuwo, kuphatikizapo ozolowera ntchitoyi, analakwitsa pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu alionse. Zolakwazo zinkapendekera mbali imodzi: nyama imodzi ankaigawa kukhala ziwiri. Onani mmene zimapwetekera masamu aja. Mukapanga nyama yabodza, mwawonjezera mutu umodzi, komanso mwafufuta kubwereza kumodzi, ndiye masamu amaganiza kuti kunja kuli zambiri zimene simunazione. Pa mayesowa chiwerengero chinafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndi matenda a ku Sariska omwe aja, angovala malaya atsopano.

Nthawi zina makina amathandiza mwangozi. Ku Malaysia, anyalugwe ambiri ndi akuda bii, ndipo masana maanga awo saoneka. Ofufuza a m'chigawo cha Terengganu anaona kuti pazithunzi za usiku, zojambulidwa ndi kuwala kwa infrared kumene maso athu sakuona, maanga aja amatulukira pansi pa kudako. Anayamba kuzinamiza kamera kuti ziziganiza kuti ndi usiku nthawi zonse, ndipo mu 2015 anasindikiza chiwerengero cha anyalugwe akudawo.

Amphaka ena alibe chowazindikirira chooneka patali. Mkango umazindikirika ndi timadontho ta pamene pamera ndevu, njira imene inafotokozedwa mu 1970, koma kamera yotchera siijambula nkhope moyandikira chotero kawirikawiri. Puma, chimphaka cha ku America, alibe maanga kapena mizere, ndi wa mtundu umodzi thupi lonse. Kwa oterewa ofufuza amafunsa funso lina: mwa magawo onse a nkhalangoyi, ndi angati amene nyamayi ikugwiritsa ntchito, poganiziranso kuti penapake ilipo koma kamera yaiphonya? Yankho lake silikupatsani mitu, koma mukabwereza zaka zingapo mumaona ngati dera lake likukula kapena likufota. Ku Scotland vuto ndi losiyananso: vumbwe wa kumeneko anakwatirana kwambiri ndi amphaka a pakhomo, moti chithunzi chokha sichingatsimikize kuti uyu ndi wa m'tchire weniweni. Pamafunika kuyeza magazi kapena ubweya.

Ang'onoang'ono oiwalika

Ndalama zambiri za kafukufuku zimapita kwa amphaka asanu ndi awiri akuluakulu otchuka. Enawo, oposa 30, ndi aang'ono, ndipo zambiri zimene tikudziwa za iwo zinabwera mwangozi: kamera inatcheredwa kambuku, n'kudutsapo kamphaka kena. Vuto lake n'lakuti mkwaso umene chimphaka chachikulu chimakonda ndi womwewo umene kamphaka kakang'ono kangaupewe, poopa kudyedwa. Ndiye kusowa pazithunzi sikutanthauza kusowa m'nkhalango.

Mphaka wofiirira wa pachilumba cha Borneo, wotchedwa bay cat, ndi chitsanzo chabwino. Kwa zaka zoposa 100 ankadziwika ndi zikopa zowerengeka za m'nyumba zosungira zinthu zakale. Oliver Wearn ndi anzake anayesa njira ina ku Sabah, kumpoto kwa chilumbachi: m'malo mosankha mikwaso yabwino, anaika kamera pamalo osankhidwa mwachisawawa ndi kompyuta, ngakhale pakhale pachitsamba chowirira kapena paphompho. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013, zinasonyeza mitundu yonse isanu ya amphaka a pachilumbachi, bay cat ali pomwepo, m'nkhalango imene inali itadulidwa mitengo kwambiri ndipo ambiri ankaiona ngati yotha ntchito.

Mu Africa, mphaka wosadziwika kwambiri ndi wa m'nkhalango zowirira za pakati ndi kumadzulo, amene amatchedwa mphaka wagolide ngakhale ena ndi otuwa. Laila Bahaa-el-din anamutchera kamera ku Gabon, ndipo mu 2011 anthu ambiri anamuona koyamba pa kanema ali moyo m'tchire. Kuwerenga kwake kunasonyeza pafupifupi 16 pa masikweya kilomita 100 m'nkhalango yosakhudzidwa, koma pafupifupi 4 okha kumene anthu amasaka nyama. M'nkhalango zodulidwa mitengo manambala anali pakatikati. Phunziro lake linali lomveka: chimene chimamaliza mphakayu msanga ndi khwekhwe, osati macheka okha.

Pokopa amphaka kuti aime patsogolo pa kamera, ofufuza ayesa zambiri. Ku Spain amagwiritsa ntchito mkodzo wa lynx, mphaka wa m'tchire wamaanga ndi wa mchira waufupi. Chodabwitsa kwambiri ndi perefyumu wa amuna wa Calvin Klein wotchedwa Obsession. Atamuyesa ku Bronx Zoo, malo oonetsera nyama a ku New York, anapeza kuti amphaka amachedwa pamene wapoperedwa, akununkhiza ndi kukhuza masaya, ndipo ofufuza a jaguar ku Guatemala anayamba kumunyamula popita m'nkhalango.

Zithunzi zochuluka kuposa maso

Nthawi ya Karanth filimu imodzi inkatenga zithunzi 36. Lero kakhadi kamodzi kamatenga masauzande ambiri. Ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, ofufuza a mikango anatchera kamera 225 pa masikweya kilomita 1,125 kuyambira mu 2010. Pofika 2013 anali ndi magulu a zithunzi 1.2 miliyoni, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse munalibe nyama, udzu wokhawokha. Anaziika pa intaneti, ndipo anthu ongodzipereka oposa 28,000 anawathandiza kuzisanja. Zithunzi zomwezo zinadzaphunzitsa makompyuta kuzindikira nyama. Masiku ano pulogalamu ngati MegaDetector imayamba yachotsa zopanda kanthu munthu asanayang'ane.

Kalembera wa akambuku wa ku India wa 2018 analowa m'buku la Guinness: kamera pamalo 26,838, zithunzi pafupifupi 35 miliyoni, mwa izo 76,651 za akambuku. Kuchokera pamenepo anazindikira akambuku 2,461 osiyanasiyana, osawerengera ana, ndipo anayerekeza kuti dziko lonse lili ndi 2,967. Chiwerengero cha 2022 chinali 3,682.

Manambala amenewa ndi olimbikitsa, ndipo ndikhulupirira kuti akambuku awonjezekadi m'malo otetezedwa bwino. Koma tisamawaike pamzere umodzi ndi 1,411 uja ngati kuti anayezedwa ndi muyeso umodzi. Kalembera aliyense wakhala ndi kamera zambiri ndi malo aakulu kuposa wam'mbuyo mwake, ndipo ukasaka kwambiri umapeza zambiri. Karanth mwiniwakeyo ndi mmodzi mwa amene akhala akutsutsa mmene boma limayerekezera akambuku a kumalo kumene kulibe kamera.

Kodi zathandiza nyamazo?

Pena zathandiza moonekeratu. Mu 2002 lynx wa ku Spain ndi Portugal anali atatsala 94 okha, m'magulu awiri a ku Doñana ndi Andújar, kum'mwera kwa Spain. Popeza aliyense ali ndi maanga akeake, oteteza ankadziwa mkazi uti wabereka, ana angati apulumuka, ndi oweteredwa ati amene akhazikika atawamasula. Anachulukitsa akalulu amene lynx amadya, anakonza podutsira misewu, ndipo pofika 2023 chiwerengero cha lynx chinapitirira 2,000. Nepal inachoka pa akambuku 121 cha m'ma 2009 kufika 355 mu 2022. Ku South Africa, boma silinalole kusaka nyalugwe ngati masewera mu 2016 ndi 2017 chifukwa panalibe umboni wakuti nyamazo zingapirire, ndipo mu 2018 linalola asanu ndi awiri okha, amuna okalamba, kumadera kumene kamera zinasonyeza kuti chiwerengero chakhazikika. Ndipo nthawi zina chithunzi chimodzi chimagwedeza mitima kuposa masamu onse. Puma wotchedwa P-22, amene kamera inamupeza mu 2012 akukhala yekha ku Griffith Park m'kati mwa Los Angeles, anathandiza kwambiri kusonkhetsa ndalama za mlatho wa nyama wodutsa pamwamba pa msewu waukulu wa 101, umene anayamba kuumanga mu 2022, chaka chimene iye anafa.

Koma kamera sisankha chojambula, ndipo nkhalango zambiri zili ndi anthu. Imajambula wotola nkhuni, wofula uchi, woweta ziweto, ndi amene wapatuka kukadzithandiza. Trishant Simlai wa ku yunivesite ya Cambridge anakhala miyezi 14 akucheza ndi anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Corbett ku India, ndipo mu 2024 anafotokoza kuti amayi ankadzimva kuti akuyang'aniridwa. Chithunzi cha mayi wina akudzithandiza m'tchire chinafalitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp. Amayi amene ankaimba mokweza potola nkhuni, kuimba kumene kumachenjezanso njovu ndi akambuku kuti kukubwera anthu, anayamba kuyenda mwakachetechete pafupi ndi kamera. Wofufuza akadandaula kuti anthu akumuphwanyira kapena kumubera kamera, ndi bwino ayambe wadzifunsa ngati anawauza anthuwo kuti kamerazo n'zachiyani, ndiponso amene adzaone zithunzi zawo ndi ndani.

Ku Iran zinafika poipa kwambiri. Kumeneko ndi kumene kwatsala cheetah wa ku Asia, chimphaka chamadontho chothamanga kwambiri, ndipo mu 2022 boma linati likudziwa 12 okha. Mu January 2018, akatswiri a bungwe la Persian Wildlife Heritage Foundation, amene ankatchera kamera nyama imeneyi, anamangidwa powaganizira kuti ndi akazitape ojambula malo a asilikali. Aliyense wodziwa kamerazi amadziwa kuti siziona kupitirira mamita makumi ochepa. Mmodzi wa iwo, Kavous Seyed-Emami, anafera m'ndende ya Evin mwezi wotsatira. Enawo anagamulidwa zaka zapakati pa 4 ndi 10, ndipo omaliza anatuluka mu April 2024.

Pali malo enanso kumene kamera zinagwira ntchito yake bwinobwino, koma chimene zinalemba ndi imfa. Nam Et-Phou Louey, kumpoto kwa Laos, ankaonedwa ngati malo omaliza a akambuku m'dzikomo. Akchousanh Rasphone ndi anzake anatchera kamera kumeneko kuyambira 2013 mpaka 2017. Chaka choyamba anajambula akambuku awiri. Kenako sanawaonenso. Nyalugwe sanamujambule n'komwe. Nkhalango inali chiimire, yobiriwira, koma pansi pake panali mawaya. Khwekhwe amapangidwa ndi waya wa mabuleki a njinga yamoto, munthu mmodzi amatchera mazana, ndipo sasankha: amagwira nguluwe, gwape, ndi kambuku yemwe. Bungwe loteteza zachilengedwe la WWF linayerekeza mu 2020 kuti m'malo otetezedwa a Cambodia, Laos ndi Vietnam muli makhwekhwe oposa 12 miliyoni. Kamera ndi khwekhwe ndi misampha iwiri yotcheredwa pamkwaso umodzi ndi anthu odziwa tchire mofanana, ndipo wa waya uja ndi wotchipa kutalitali.

Ku Cambodia, kambuku womaliza anajambulidwa ndi kamera yotchera mu 2007, m'chigawo cha Mondulkiri. Mu 2016 oteteza nyama analengeza kuti m'dzikomo mulibenso akambuku oti n'kuswana. Mu 2022 Cambodia inasainirana pangano ndi India lofuna kubweretsa akambuku ena ku mapiri a Cardamom, kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo. Kumayambiriro kwa 2024 anatchera kamera zoposa 400 m'mapirimo, motalikirana kilomita imodzi. Ulendo uno sizinatcheredwe kambuku, popeza kulibe. Zinali zowerenga agwape ndi nguluwe, kuti aone ngati alendowo akadzafika adzapeze chakudya.